Wothamanga akasowa m'mbale amakafuna m'chitini

Tikamva kuti wamasewera wapezeka ndi mankhwala oletsedwa m'thupi, ambiri timaganiza za munthu wachinyengo amene anadzitsekera m'chipinda, jakisoni ali m'manja. Anthu otere alipo ndithu. Ben Johnson analandidwa mendulo ya golide ku Seoul mu 1988 atapezeka ndi stanozolol, mankhwala okuza minofu a gulu la ma steroid, patangopita masiku atatu chithamangire mamita 100 m'masekondi 9.79. Lance Armstrong analandidwa mu 2012 zipambano zonse 7 za mpikisano wa njinga wa Tour de France zimene anapeza kuyambira 1999 mpaka 2005. Awa ankadziwa chimene ankachita.

Koma ilipo njira ina yofikira pa chilango chomwecho, ndipo imayambira pa mbale ya chakudya. Mnyamata kapena mtsikana amachita zokonzekera kawiri pa tsiku, pamene chakudya chake n'chofanana ndi cha munthu amene watandala pampando. Pakatha miyezi iwiri miyendo imalemera, liwiro silikwera, chimfine sichimuchoka. Apa mpamene mnzake amamunong'oneza za ufa wina wa m'chitini kapena mapiritsi ogula pa intaneti. Iye alibe maganizo obera mpikisano, akungofuna kuti kutopako kuthe. Ife tikuti aliyense amene akufunadi kuti mankhwala oletsedwa athe m'masewera, kaya ndi mphunzitsi, kholo kapena bungwe, ayambe ndi kuphunzitsa kadyedwe. Ndipo aphunzitse ndi manambala, chifukwa mawu akuti "muzidya bwino" sathandiza munthu kudziwa choika m'mbale.

Minofu ikamagwira ntchito yaikulu imadalira shuga amene thupi limasunga m'minofu momwemo ndi m'chiwindi, wotchedwa glycogen. Munthu wamkulu amasunga magalamu pafupifupi 400 m'minofu ndi 100 m'chiwindi. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono: kuthamanga mwamphamvu kwa mphindi 90 mpaka maola awiri kumatha kuimaliza, ndipo ikatha munthu amangozindikira miyendo yakana, mutu ukuzungulira. Chodzazira nkhokweyi ndi zakudya zokhutitsa monga mpunga, buledi, mbatata, chimanga ndi zipatso. Mulingo wake amauwerengera pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi. Tsiku la zokonzekera zopepuka pamafunika magalamu 3 mpaka 5 a carbohydrate (chopatsa mphamvu cha m'zakudya zokhutitsazi) pa kilogalamu. Wochita ola limodzi pa tsiku amafunika 5 mpaka 7, ndipo wochita ola limodzi mpaka atatu mwamphamvu amafunika 6 mpaka 10.

Tiwerengere limodzi kuti zimveke. Wothamanga mtunda wautali wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu 360 mpaka 600 pa tsiku lolemetsa. Kapu imodzi ya mpunga wophika ili ndi magalamu pafupifupi 45, nthochi imodzi 25, kagawo ka buledi 15. Ndiye kuti ngakhale mulingo wotsikitsitsa uja ndi wofanana ndi makapu 8 a mpunga. Amene amadya kawiri kokha pa tsiku sangafikepo, m'mimba simungalowe zonsezo pa nthawi ziwiri. Pamafunika chakudya chachikulu katatu ndi zina zapakati kawiri kapena katatu. Tsiku lopuma mulingo utsike, chifukwa kudya kuyenera kutsatira ntchito ya tsikulo.

Nthawi yodyera nayo ili ndi malamulo ake. Chakudya chachikulu chidyedwe maola atatu kapena anayi mpikisano usanayambe, chikhale chozolowereka, chopanda mafuta ambiri, nyemba zambiri kapena tsabola, chifukwa zimenezi zimachedwa kuchoka m'mimba. Tsiku la mpikisano si loyesera chakudya chatsopano. Mpikisano wosapitirira ola sufuna kudya chilichonse m'kati. Ukapitirira ola, pamafunika magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola lililonse, ndipo ukapitirira maola awiri ndi theka ena amafika 90, bola shugayo akhale wosakaniza glucose ndi fructose, popeza matumbo amalowetsa mitundu iwiriyi kudzera m'makomo osiyana. Matumbo nawo amafunika kuwazoloweza pa zokonzekera, apo ayi munthu amatsegula m'mimba ali pakati pa msewu. Ngati pali mpikisano wina kapena zokonzekera zina pasanathe maola 8, galamu imodzi ya carbohydrate pa kilogalamu pa ola lililonse kwa maola anayi oyamba imabwezeretsa nkhokwe ija msanga.

Pa mapuloteni mpamene ogulitsa zitini amapezera anthu ambiri, komatu nkhani yake ndi yaifupi. Wamasewera amafunika magalamu 1.2 mpaka 2.0 pa kilogalamu pa tsiku. Kwa munthu wathu wa makilogalamu 60 ndi magalamu 72 mpaka 120, ogawidwa m'magawo a magalamu pafupifupi 20 pa maola atatu mpaka asanu alionse. Mazira atatu ali ndi magalamu 18. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8, kapu ya nyemba zophika 15, magalamu 100 a nyama ya nkhuku yophika pafupifupi 30. Ufa wa whey umachokera ku mkaka womwewo. Ubwino wake ndi wakuti sulemera paulendo, basi.

Madzi ali ndi ngozi mbali ziwiri. Njira yodziwira mulingo wako ndi sikelo: dziyeze usanayambe zokonzekera, dziyezenso ukamaliza utapukuta thukuta. Kilogalamu imodzi yotsika ndi lita imodzi ya madzi otayika. Kutsika kopitirira 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, makamaka kukatentha, kumachepetsa mphamvu ndi kuganiza msanga. Pobwezeretsa imwa lita imodzi ndi kota mpaka lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse yotayika, pang'onopang'ono, pamodzi ndi chakudya cha mchere. Ngozi inayo ndi kumwa mopitirira. Pa Boston Marathon ya 2002 ofufuza anayeza magazi a othamanga 488 atangomaliza, ndipo 13 peresenti anali ndi mchere wa sodium wotsika m'magazi, makamaka amene anamwa kwambiri mpaka kulemera kuposa mmene anayambira. Vutoli likakula ubongo umatupa ndipo limapha. Womaliza mpikisano ali wolemera kuposa poyamba asapatsidwenso madzi.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi njala ya nthawi yaitali imene wamasewera saizindikira. Mu 2014 bungwe loyendetsa Olimpiki la International Olympic Committee (IOC) linaipatsa dzina lakuti RED-S, kutanthauza kuti mphamvu yotsala m'thupi munthu akachotsa yogwiritsa ntchito pa masewera siikwanira ntchito zina za moyo. Thupi limayamba kuzimitsa zimene likuona kuti zingadikire. Mtsikana amasiya kusamba mwezi ndi mwezi, ndipo alipo aphunzitsi amene amati chimenechi n'chizindikiro chakuti walimba. Limeneli ndi bodza loopsa: msambo ukasowa miyezi itatu, mafupa ali pangozi yoyamba kufooka, ndipo ming'alu ya m'mafupa a miyendo imatsatira. Kwa anyamata testosterone imatsika, tulo timasokonekera, mabala amachedwa kupola. Masewera amene amayeza kulemera, monga nkhonya, ndi amene amatamanda kuonda, monga kuthamanga mitunda yaitali, ndiwo ali ndi vutoli kwambiri. Nawo magazi ochepa chifukwa chosowa ayironi amatopetsa mofananamo, makamaka atsikana. Mankhwala ake amayamba ndi kuyezetsa ferritin, amene amaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, kuchipatala. Kumwa mapiritsi a ayironi mongoganizira n'koopsa chifukwa wochuluka amaunjikana m'chiwindi. Tiyi ndi khofi zimatchinga ayironi wa m'chakudya, choncho zimwedwe patapita ola, pamene zipatso za vitamini C zimathandiza kuti alowe.

Wamasewera amene zonsezi palibe anamuuza ndiye amakafika pa chitini. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'mayiko ambiri zowonjezera pa chakudya, zimene anthu amazitchula kuti ma supplement, siziyezedwa ngati mankhwala zisanalowe pamsika. Ku United States, kumene zambiri zimapangidwa, lamulo la 1994 limalola kampani kugulitsa popanda kuyamba yapeza chilolezo cha boma chotsimikiza kuti chinthucho chimagwira ntchito. Labotale ya ku Cologne inagula zowonjezera 634 m'mayiko 13 n'kuziyeza, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2004 zinaonetsa kuti 94, kapena 14.8 peresenti, zinali ndi mankhwala a gulu la ma steroid amene sanalembedwe pachikuto. Zimachitika m'njira ziwiri. Makina amodzi amapanga mankhwala oletsedwa m'mawa, masana n'kupanga mavitamini asanatsukidwe bwino. Kwinaku wopanga amathiramo dala kuti wogula aone kusintha msanga n'kubweranso. Zoopsa kwambiri ndi zimene zimalonjeza kukuza minofu, kuchepetsa thupi kapena kupatsa nyonga zokonzekera zisanayambe. Pachikuto pakalembedwa kuti "proprietary blend", ndiye kuti wopanga wabisa mulingo wa chilichonse chimene wathiramo. Methylhexaneamine, amene wagwetsa amasewera ambiri, nthawi zina ankalembedwa ngati mafuta a geranium.

Zimenezi zagwera ngakhale akatswiri okhala ndi madokotala awoawo. Asafa Powell ndi Sherone Simpson a ku Jamaica anapezeka ndi oxilofrine mu 2013, wochokera mu chowonjezera chimene ankamwa. Anapatsidwa miyezi 18, ndipo khoti la zamasewera la CAS ku Lausanne linatsitsa kufika miyezi 6. Simona Halep, katswiri wa tenisi, anapezeka ndi roxadustat pa US Open ya 2022, anapatsidwa zaka zinayi, ndipo mu Malichi 2024 CAS inatsitsa kufika miyezi 9 itavomereza kuti mankhwalawo anachokera mu chowonjezera choipitsidwa. Pofika tsikulo n'kuti atakhala kale kunja kwa bwalo kupitirira chaka. Iye anali ndi maloya ndi akatswiri oyeza ufawo. Wothamanga wosadziwika alibe zimenezo, ndipo kawirikawiri chitini chija anachitaya kalekale.

Apa ena amati lamulo ndilo lolakwika. Bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera padziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1999 pambuyo pa chipwirikiti cha mankhwala oletsedwa cha timu ya Festina pa Tour de France ya 1998, limayendera mfundo yakuti chilichonse chopezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, kaya unadziwa kapena sunadziwe. Kuyambira 2015 wogwiritsa ntchito dala amaletsedwa zaka zinayi. Zimamveka zouma mtima, ndipo nthawi zina zimapwetekadi wosalakwa. Andreea Răducan wa ku Romania anali ndi zaka 16 pamene analandidwa golide ku Sydney mu 2000 chifukwa cha pseudoephedrine wa m'mapiritsi a chimfine amene dokotala wa timu anam'patsa. Komabe ife tikuima ndi lamuloli. Mkodzo suonetsa cholinga cha munthu. Lamulo litati pafunike umboni wakuti munthu anachita dala, aliyense wogwidwa angaloze chitini, ndipo amene anamaliza pa nambala 4 popanda mankhwala sangapeze chilungamo. Mankhwala amene ali m'thupi amathandiza mofanana, kaya analowa dala kapena mwangozi. Malamulowo amalola kale kuchepetsa chilango munthu akaonetsa kumene mankhwala anachokera. Chofunika kukonza ndi chakuti wamasewera aphunzitsidwe asanayezedwe koyamba.

Maphunzirowo akhudzenso mankhwala wamba, chifukwa misampha yambiri ili pamenepo. Mndandanda wa zoletsedwa umasintha pa 1 Januwale chaka chilichonse. Maria Sharapova anagwidwa mu 2016 ndi meldonium amene anakhala akumwa kwa zaka zambiri, atangolowa pamndandanda chaka chomwecho. Therese Johaug wa ku Norway anaphonya Olimpiki ya 2018 chifukwa cha clostebol wa m'mankhwala opaka pamilomo yopsa ndi dzuwa. Tramadol, wopha ululu, analetsedwa pa nthawi ya mpikisano kuyambira 2024. Wodwala mphumu amaloledwa kupuma salbutamol mpaka mamaikulogalamu 1600 pa maola 24, osapitirira 600 pa maola 8. Diripi yopitirira mamililita 100 pa maola 12 ndi yoletsedwa ngakhale itakhala ya madzi a mchere okha, kupatula ngati munthu akulandira chithandizo m'chipatala. Amene akufunikadi mankhwala oletsedwa chifukwa cha matenda, monga insulin kwa wodwala shuga, apemphe chilolezo chotchedwa TUE, ndipo kwa mpikisano apemphe kutatsala masiku osachepera 30. Ngakhale nyama ili ndi nkhani yake: ku Mexico ndi ku China alimi ena amapatsa ziweto clenbuterol, mankhwala oletsedwa m'masewera, ndipo pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 ku Mexico mu 2011, osewera oposa 100 anapezeka ndi tizizindikiro take.

Sitikunena kuti zowonjezera zonse n'zachabe. Akatswiri amene IOC inasonkhanitsa mu 2018 anatchula zisanu zokha zimene zili ndi umboni wokwanira woti zimawonjezera mphamvu pampikisano: caffeine, creatine, nitrate, beta-alanine ndi sodium bicarbonate. Caffeine anachotsedwa pamndandanda wa zoletsedwa mu 2004. Mulingo wake ndi mamiligalamu 3 mpaka 6 pa kilogalamu, ola limodzi mpikisano usanayambe, ndipo kapu ya khofi ili ndi pafupifupi 100. Kupitirira pamenepo kumangobweretsa kunjenjemera, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo. Creatine monohydrate, magalamu 3 mpaka 5 pa tsiku, amathandiza pa zofuna mphamvu zambiri kwa masekondi ochepa, koma amawonjezera kilogalamu imodzi kapena ziwiri za madzi m'thupi, zomwe wothamanga mtunda wautali sazifuna. Nitrate amapezeka mu beetroot ndi masamba obiriwira. Bicarbonate, magalamu pafupifupi 0.3 pa kilogalamu, amathandiza pa mpikisano wa mphindi zochepa, koma ambiri amawatsegula m'mimba. Phindu la zonsezi ndi laling'ono, loyenera munthu amene wakonza kale chakudya, tulo ndi zokonzekera. Kwa mwana wosakwana zaka 18 ife sitiona chifukwa choziyambira. Wamkulu amene wasankha kugwiritsa ntchito agule zokhazo zimene gulu lililonse lopangidwa limayezedwa ndi mabungwe monga Informed Sport kapena NSF Certified for Sport, ndipo aone pa webusaiti yawo kuti nambala ya pachitini chake ilipodi. Ngakhale zimenezi zimangochepetsa ngozi, sizichotsa mlandu.

Amene wazolowera kufuna yankho m'botolo savutika kukwera kuchoka pa ufa kupita pa jakisoni, ndipo kumeneko nkhani yake ndi ya moyo. Mankhwala obaya otchedwa EPO amachulukitsa maselo ofiira, magazi n'kulimba ngati phala, ndipo amatha kuundana n'kutseka mitsempha ya mtima kapena ya ubongo, makamaka munthu akataya madzi ambiri kapena ali m'tulo mtima ukugunda pang'onopang'ono. Ma steroid amawononga chiwindi, amakulitsa mtima molakwika ndi kutseka kapangidwe ka testosterone wachibadwa. Kwa akazi mawu amakhala aakulu ndipo sabwereranso. Ku East Germany boma linkapatsa amasewera Oral-Turinabol, ena ali ana, n'kumawauza kuti ndi mavitamini, ndipo ambiri a iwo akuvutika ndi matenda mpaka lero. Amene amati tingololeza mankhwala onse kuti pakhale chilungamo ayambe aganizira ana amenewa, chifukwa katswiri akaloledwa, mwana wa zaka 15 amene akufuna malo ake sakhala ndi mwayi wokana. Nako kubisala kukuvuta: mkodzo ndi magazi zimasungidwa zaka 10, ndipo poyezanso za ku Beijing 2008 ndi London 2012 anagwidwa amasewera oposa 100 amene anali atapulumuka poyamba.

N'chifukwa chake udindo waukulu tikuuika pa akuluakulu ozungulira wamasewera. Malamulo a WADA amawakhudza kale: wopatsa wamasewera mankhwala oletsedwa amaletsedwa zaka zinayi mpaka moyo wonse, ndipo mphunzitsi Alberto Salazar analetsedwa zaka zinayi mu 2019. Koma chilango chimabwera zinthu zitaonongeka. Timu imene ili ndi ndalama zogulira zitini pamene osewera ake amapita ku zokonzekera za m'mawa m'mimba muli pululu yasokoneza zoyamba ndi zomaliza. Mphunzitsi adziwe kulemera kwa aliyense, awerengere naye magalamu ake, aonetsetse kuti pali chakudya pasanathe ola zokonzekera zitatha, ndipo mtsikana amene wasiya kusamba kapena mnyamata amene watopa kwa milungu itatu amutumize kwa dokotala asanamuonjezere mtunda.

Wamasewera nayenso akhale ndi kabuku. Alembemo mankhwala alionse, mapiritsi, zopaka, zodonthezera m'maso ndi m'mphuno, tsiku ndi mulingo wake, ndipo dokotala aliyense amuuze kuti amayezedwa. Dzina la mankhwala aliyang'ane pamndandanda wa chaka chimenecho kapena pa webusaiti yofufuzira mankhwala ya Global DRO asanamwe. Ngati akumwa chowonjezera, ajambule nambala ya pachitini ndi kusunga kagawo ka ufawo. Amene ali pagulu loyezedwa nthawi iliyonse apereke ola limodzi la tsiku lililonse ndi malo amene angapezeke, chifukwa kuphonya katatu m'miyezi 12, kaya posapezeka oyeza akabwera kapena posapereka malo olondola, ndi mlandu woletsetsa munthu kupikisana, monga zinachitikira Christian Coleman amene anaphonya Olimpiki ya ku Tokyo. Tsiku loyezedwa ali ndi ufulu wopita ndi womuimira. Asankhe yekha kapu yomata, apereke mkodzo wosachepera mamililita 90, authire yekha m'mabotolo A ndi B, aone kuti manambala a pamabotolo akufanana ndi a pafomu, ndipo asanasaine alembe pafomupo chilichonse chimene wamwa m'masiku 7 apitawo, ngakhale piritsi limodzi la mutu.